Wachitatu Kuchokera Kumanja

14 Januwale

Mlongo wanga wokondedwa,

Landira moni wochokera kuno kwathu. Ndikhulupirira uli bwino ndi kuzizira kwanuko. Ife tilipo: alamu ako ali bwino, ana ali pasukulu, ndipo makina anga osokera akulirabe, ngakhale ayamba kutsokomola ngati mwini wake. Usadzidzimuke, sindikupempha ndalama. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani ndi ya maso a Amayi. Lakumanzere lija linazimiratu mu Novembala. Lakumanja likuonabe, koma akuti zili ngati kusuzumira pabowo la batani. Adokotala anatiuza mosapsatira mawu kuti imeneyi si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi mtsempha wa diso umene ukuuma. Mankhwala odontheza aja angochedwetsa basi. Nditawafunsa kuti mpaka liti, anati tikafika nalo kumapeto kwa chaka tidzathokoze Mulungu.

Amayi sanagwetse msozi. Titafika kunyumba analowa kuchipinda n'kutsitsa chithunzi cha asilikali chija chimene chimakhala pamsomali kumutu kwa bedi, cha bambo awo, agogo athu amene anapita kunkhondo Amayi ali m'mimba, osabwerako. Ukudziwa kuti galasi la felemu yake linasweka ife tisanabadwe. Ukudziwanso chizolowezi chawo cha m'mawa uliwonse: chala pankhope ya Agogo, n'kuti, "Mwadzuka bwanji, Bambo?" Zaka makumi asanu ndi limodzi kudzutsa munthu ndi chala! Dzulo ndinachitengera padzuwa kuti ndichione bwino. Asilikali makumi awiri ali ndi nkhope zawo bwinobwino. Wathuyo wangotsala chipewa ndi kolala. Pakati pake pali mbee, kadontho koyera kokula ngati chikhadabo cha khanda.

Mawu a Amayi ndi awa, sindikuwonjezera: "Mwana wanga amakonza zithunzi za anthu osawadziwa. Andikonzereko changa. Nkhopeyi inafufutika ndisanakwatiwe, ndipo m'mutu mwangamu yatulukamonso. Ndiwaone Bambo kamodzi diso lisanatseke."

Ndiye ntchito ndi imeneyo, dokotala wa zithunzi. Ndisanatumize ndikufuna ndikachilaminete kaye kwa mayi wa fotokope uja pafupi ndi positi ofesi, achimate pulasitiki yotentha ija monga tinachitira masatifiketi a ana, chifukwa m'makona chayamba kunyenyeka. Usanene kuti mlongo wako sadziwa kusamala zinthu zakale.

Tiuze za kumeneko. Mapepala ako okhalira m'dzikomo atuluka? Chaka chino n'chachisanu ndi chiwiri usanaponde pakhomo pano. Amayi amawerengabe, ine ndinasiya.

Ndine mlongo wako,
Telala


2 Febuluwale

Achimwene,

Moni ndikupatsani pansipa. Choyamba ndi ichi: MUSACHILAMINETE. Chonde, ndagwira mwendo wanu. Pulasitiki ija imalowa ndi moto ndi guluu, ndipo ikagwira pepala siichokanso mpaka kalekale. Zonse zimene ndikufuna kuona, mtundu wa pepala, chidindo, zolembedwa kumbuyo, zidzatsekeredwa m'katimo. Satifiketi ikaonongeka mumakatenga ina. Nanga Agogo tikawatenga kuti?

Chitani izi. Sambani m'manja, muumitse bwino, muchigwire m'mbali mokha. Musachipukute ndi kansalu ngakhale kouma. Selotepi ayi, mapini anu aja ayi, ayironi ndiye musayerekeze n'komwe, ndikukudziwani mukaona chinthu chokwinyika. Chiikeni pakati pa mapepala awiri oyera, kenako pakati pa makatoni awiri olimba. Musanatseke, mundikopere zonse zolembedwa kumbuyo, ngakhale nambala yooneka ngati yopanda ntchito.

Tsopano moni. Ine ndili bwino, koma kalata yanu ndinaiwerengera m'sitima yapamtunda ndipo ndinapitirira siteshoni yanga ndi masiteshoni awiri.

Ndiyenera kunena zoona zake, Achimwene. Nkhope ya pachithunzi chakale ndi kafumbi ka siliva kogona pakhungu lopyapyala kwambiri la pepala. Chala chikakachotsa, palibe mankhwala obwezera. Ndingathe kuchiyeretsa, kulimbitsa makona, n'kuchisunga kuti chifike kwa zidzukulu zanu. Koma kubweza nkhope imene inachoka sindingathe. Pa kompyuta n'zotheka kupeka nkhope, koma ameneyo sangakhale Agogo.

Munandifunsa za kuno. Ndimagwira ntchito m'chipinda chapansi pa nyumba yosungiramo zinthu zakale, chopanda windo. Mumakhala mozizira dala, chifukwa zithunzi zimadana ndi kutentha, ndiye timazizidwa ndife kuti izo zikhale bwino. Tsiku lonse ndavala magolovesi, ndikuyang'ana nkhope za ana a eni amene anafa kale, kuwachotsa nkhungu pamasaya ndi kaburashi. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti ndikutani kuno, ndikusamala anthu a papepala pamene mayi anga enieni akuchita kupapasa chitseko. Mapepala sanatulukebe. Akuti ndikatuluka m'dziko muno asanandiyankhe, pempho langa lafa ndipo sindidzalowanso. Ndawasowa Amayi, Achimwene. Ndasowa ngakhale phokoso la makina anu amene ankandilepheretsa kuwerenga aja.

Moni kwa alamu ndi ana.

Mlongo wanu


9 Malichi

Dokotala wa zithunzi,

Moni, ngati ukadali ndi nthawi yolandira moni. Ife tilipo.

Kalata yako inayenda masabata atatu, ndipo m'masabata amenewo ndinapita kawiri kwa mayi wa fotokope, chithunzi chili m'thumba la jekete. Ulendo woyamba magetsi anali atazima. Wachiwiri pulasitiki inali itamuthera. Ndinabwerako ndikutukwana njira yonse, osadziwa kuti Mulungu akugwira ntchito kudzera m'magetsi. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono kudyetsa Agogo pulasitiki. Koma za ayironi zija wandinyoza. Ndinangoganizako basi.

Cholakwa changa chachikulu ndi china. Kalata yako ndinawawerengera Amayi mokweza ndisanaione ndekha. Nditafika paja pakuti "sindingathe", anandigwira mkono n'kufunsa, "Wakana?" Ndinati ayi, akutanthauza kuti n'zovuta. Iwo anati, "Za azungu amatha, zanga ndiye zavuta." Anatenga chithunzi chawo n'kukachibweza pamsomali. Sabata yathunthu dzina lako silinatchulidwe m'nyumba muno. Alamu ako ndi amene anagwira ntchito, kuwawerengeranso pang'onopang'ono gawo lija la chitseko. Pamenepo ndiye analira, n'kuchitsitsa okha.

Positi aikana, akuti bambo awo anasochera kale kamodzi. Mwamwayi aphunzitsi opuma aja oyandikana nafe akubwera kumeneko kumapeto kwa mwezi uno kudzaona mwana wawo, ndipo avomera kunyamula. Ndachiika monga unanenera, m'makatoni a mashati atsopano, n'kusokera kathumba ka nsalu kovala m'khosi. Aphunzitsiwo ndawauza kuti akataya pasipoti palibe mlandu, koma osati ichi.

Kumbuyo kwalembedwa ndi pensulo motere: "Kwa mkazi wanga. Ndili bwino. Ndine wachitatu kuchokera kumanja, mzere wapakati." Pansi pake pali nambala, 20618.

Ndinawafunsa Amayi kuti anawasonyeza nkhope ya Agogo ndani. Akuti chithunzichi chinafika mayi awo atamwalira kale, iwo ali ndi zaka ziwiri, akuleredwa ndi mayi awo aang'ono amene ankakhala kutali ndipo mlamu wawoyo anali asanamuonepo. Atakulako pang'ono anapita nacho kwa mlembi wa patchalitchi. Iye anawerenga kumbuyo, anatembenuza, anawerenga mitu kuchokera kumanja, wani, thu, fili, n'kutenga kachala ka Amayi kukaika pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo chala sichinasochere.

Mwina sizikuthandiza, koma diso la telala laona izi: matumba a pachifuwa a mashati awo ndi osapinda pakati, ongosokedwa mwachangu, ngati nsalu inali yosowa. Wosoka mayunifolomu amenewa akanakhala wantchito wanga ndikanamuchotsa.

Pamsomali pangotsala chizindikiro cha felemu pakhoma. Fulumira.

Telala


20 Epulo

Achimwene okondedwa,

Moni nonse. Aphunzitsi anafika bwino, ndipo anakana kuvula kathumba kaja mpaka nditawaonetsa chiphaso changa, ngati sanandiphunzitse ndiwo kulemba. Nditatsegula makatoni panatuluka fungo la sopo wa Amayi ndi mafuta awo odzola. Ndinachita kudzuka patebulo n'kukaima pakhoma, chifukwa misozi ndi madzi amchere ndipo saloledwa pafupi ndi zithunzi.

Mundipepesere kwa Amayi. Ndinalemba ngati ndikulembera abwana anga. Sindinakane ndipo sindingakane.

Kuntchito kuno kuli bambo wina wachikulire amene timamutcha Mdala wa Mabatani. Moyo wake wonse wathera pa zovala za asilikali, moti ukamuonetsa batani limodzi amakuuza chaka ndi gulu lake. Munthu wosaseka, koma nditamumasulira mawu anu a matumba aja anavula magalasi n'kuti, "Mlongo wakoyo akuononga nthawi ndi kusoka madiresi." Akuti matumba osapinda pakati anayamba m'zaka ziwiri zomaliza za nkhondoyo, nsalu itayamba kusowadi. Ndiye chaka mwatipatsa ndinu, ndipo ndikudziwa kuti mudzatikumbutsa zimenezi mpaka ukalamba.

Zina tazipeza tokha. Nditaunika kumbuyo ndi tochi cham'mbali, panaoneka chidindo chozilala cha wojambula wa gulu lankhondo. Baji ya pazipewa ikusonyeza gulu lawo. Ndipo kumapazi a mzere wakutsogolo kuli kasileti kolembedwa ndi choko, kamene ife tinkakayesa mwala tili ana. Pa galasi lokulitsa pakuoneka chilembo ndi nambala ya kagulu kawo. Mdala akuti zithunzi zotere ankajambula kumalo ophunzirira usilikali, kutatsala masiku ochepa kuti akwere sitima yapamadzi.

Tsono mverani apa. Chithunzi cha gulu sichinkatsukidwa chimodzi. Msilikali aliyense ankalandira chake, ndipo china chinkatsala ku ofesi. Ndiye kwinakwake kuli chinzake cha chithunzi chathuchi chimene palibe anachidzutsapo ndi chala. M'nyumba yathu ino muli mabokosi opitirira mazana atatu a gulu limenelo amene palibe anawasanja. Sindikulonjeza, koma ngati chilimo ndichipeza. Abwana andilola kufufuza nthawi ya nkhomaliro ndi Loweruka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndaikamo kope ya chithunzichi kuti msomali usakhale wokha. Chenichenicho chitsale kuno kaye, ndichilimbitse makona.

Muwauze Amayi kuti m'mawa uliwonse ndikalowa ndikumawadzutsira bambo awo. Ndi pakamwa pokha, chala ayi.

Mlongo wanu


3 Julayi

Mlongo wanga,

Moni. Kodi uli moyo? Meyi wadutsa, Juni wadutsa, wapositi wafika pondiona n'kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Ngati ukudwala nena. Ngati watopa nafe nenanso.

Kope ija Amayi anaipachika tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake anayendetsa chala, kuyendetsanso, n'kuti, "Ichi n'choterera ponseponse. Bambo mulibemo." Sindinadziwe kuti pachithunzi chenichenicho chala chinakumba kadzenje, ndipo kuti masiku ano amawapeza Agogo popapasa. Kopeyo ili m'Baibulo. Koma m'mawa amadzukabe, n'kukweza dzanja, n'kugwira khoma.

Diso likutha, mlongo wanga. Sabata yatha anathira tiyi pambali pa kapu, patebulo, n'kupitiriza kuthira akucheza nafe. Mwana wanga wamkazi atalowa anamufunsa kuti ndinu ndani mayi. Akafuna kundiona amachita kuyendetsa mutu, kuyamba chibwano, kenako mphuno, kenako dazi, ngati munthu akuwerenga nyuzipepala. Nkhono yakoyo maso ake adzaoneka Amayi atasiya kale kuona.

Ndiye ndikupempha ngati mkulu wako. Siya mabokosiwo. Unanena wekha kuti pa kompyuta n'zotheka kupeka nkhope. Peka. Tenga nkhope yanga ija ya paukwati, uichotse masharubu, uiveke chipewa. Tenga ya aliyense. Ndani adzadziwe? Ndani adzakuimbe mlandu? Iwe ukusamala choonadi cha anthu akufa, ine ndikukhala ndi mayi wamoyo amene akupatsa moni khoma. Ulemu wa ntchito yako udzautenga pambuyo.

Ndalemba ndi mkwiyo, ndikudziwa, ndipo alamu ako akuti nding'ambe. Sinding'amba. Nanenso ndatopa kukhala mwana yekhayo pakhomo pano.

Telala


29 Julayi

Achimwene,

KALATA IYI MUWERENGE NOKHA KAYE.

Moni. Ndili moyo, ndipo mkwiyo wanu ndaulandira, ngwoyenera. Sindinalembe chifukwa ndinalibe choti ndinene kupatula nambala za mabokosi opanda kanthu, ndipo ndinkachita manyazi. Ndinalakwa.

Ndachipeza. Bokosi la nambala 212, Loweruka lapitali, pansi pa mapepala a chakudya cha asilikali. Chithunzi chomwecho, kasileti komweko, nkhope zonse makumi awiri ndi imodzi zili zowala ngati anajambula dzulo. Ndinapita molunjika pamalo a Amayi paja. Pali mnyamata wa nkhope yozungulira, akumwetulira pang'ono ngati wina wanena nthabwala kumbuyo kwake. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali ndikulira, ndikuti Agogo, Agogo.

Kenako ndinatembenuza. Kumbuyo kalaliki wa gululo analemba manambala a asilikali onse, mzere ndi mzere, monga akuonekera kwa munthu woyang'ana chithunzi. Nambala ya mnyamata womwetulirayo si 20618. Ndinawerenga kanayi. Mumzere wapakati muli anthu asanu ndi awiri, ndipo 20618 ndi wachitatu kuchokera kumanzere.

Ndinathamangira kwa Mdala wa Mabatani ndikuti kalalikiyo analakwitsa. Iye anandiimitsa pakhoma, n'kundiuza kuti ndikweze dzanja langa lamanja, iye ataima moyang'anizana nane. "Kwa ine dzanja limenelo lili kumanzere," anatero. Akuti asilikali akafola pamzere amadziwerenga mokweza kuyambira amene ali kudzanja lawo lamanja: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Amatero tsiku lililonse, kangapo patsiku, mpaka zimalowa m'magazi. Agogo polemba sanaganize za munthu wogwira chithunzi m'manja. Analemba malo awo a pamzere monga ankawatchulira m'mawa uliwonse. Sananame. Mlembi wa patchalitchi uja nayenso sananame. Kuti titsimikize tinapeza kaundula wa gululo: 20618 ndi dzina la Agogo, ndipo pa zithunzi zina ziwiri za m'bokosi lomwelo nambalayo ili pa munthu yemweyo.

Mwamva tanthauzo lake, Achimwene? Amayi akhala akudzutsa mwana wa eni. Ndipo nkhope ya bambo awo sinafufutike. Yakhala ilipo pachithunzi chawo chomwecho zaka zonsezi, kungodumpha munthu mmodzi.

Aphunzitsi akubwerera sabata ya mawa ndipo pamodzi ndi kalata ino anyamula zinthu zitatu. Chithunzi cha Amayi, ndachilimbitsa n'kuchiika m'felemu yopanda galasi, kadzenje kaja sindinakakhudze. Kenako nkhope ziwiri zokulitsidwa, iliyonse kukula ngati mbale, kuti diso lotsalalo lithe kuyendamo. Yolembedwa 1 kumbuyo ndi mnyamata womwetulira. Yolembedwa 2 ndi Agogo.

Munandipempha kuti ndipeke. Tsopano bodza labwera lokha, lokonzeka kale, ndipo ndi lokongola. Mukawapatsa 1 adzakondwa, sadzadziwa kanthu. Mukawapatsa 2 mudzawalanda zaka makumi asanu ndi limodzi za moni. Ine ndikanakonda aone bambo awo enieni. Koma amene mudzakhale nawo m'chipinda tsiku limenelo ndinu, ine ndili kuno ndi magolovesi anga. Chimene musankhe sindidzakutsutsani.

Mlongo wanu


6 Sepitembala

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tilipo. Katundu anafika bwino pa 9 Ogasiti, ndipo undikhululukire kuti ndakusunga m'mwamba mwezi wathunthu. Tsopano ndadziwa mmene munthu amakhalira chete akakhala ndi zonena zolemera.

Felemu ndinawapatsa Amayi tsiku lomwelo. Chala chinalowa m'kadzenje kake ngati phazi m'silipasi yakale. Za nkhope ziwiri zija ndinawanamiza kuti zikubwera pambuyo. Ndinazibisa kushopu, m'dilowa ya ulusi, masabata awiri. Kasitomala akachoka ndinkazitulutsa. Nambala 2 ndinasiya kumuyang'ana pa tsiku lachitatu, chifukwa makutu amene anzanga ankandiseka nawo kusukulu aja ndinawapeza pamenepo, atatuluka pansi pa chipewa ngati zogwirira poto. Sunandichenjeze bwanji?

Komabe ndinasankha 1. Ndinati mayi wokalamba asavutike, ndipo alamu ako anagwirizana nane. Lamlungu masana, dzuwa lili paliwombo, tinawakhazika pampando panja pomwe pali kuwala kwambiri. Ndinawapatsa mnyamata womwetulira uja. Anamugwira ndi manja awiri, anayendetsa mutu pang'onopang'ono monga amachitira, chibwano, pakamwa, maso. Anamwetulira nawonso. Kenako anatembenukira kumene kunali mawu anga n'kufunsa, "Ndiye Bambo ndi awa?"

Mlongo wanga, ndakhala ndikunamiza makasitomala zaka makumi atatu kuti diresi lanu litha Lachisanu. Ndimayesa bodza ndi ntchito yanga. Koma bodza ili linandikanika. Amayi anafunsanso kachiwiri, ndipo alamu ako anathawira kukhitchini. Ndinagwada pambali pa mpando n'kuulula zonse, za mzere, za dzanja lamanja, za kalaliki. Ndinachita kuwaimirira kutsogolo n'kukweza dzanja ngati Mdala wako uja, munthu wamkulu ndi dazi langa. Kenako ndinawapatsa 2.

Zotsalazo akuti anena okha. Akana kuti ndilembe ine, akuti ndimathira mchere wambiri. Alembetsa alamu ako, ndipo kalatayo ndi imene ili m'envelopu yaing'onoyo. Sindinaloledwe kuiwerenga.

Telala


6 Sepitembala

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi apongozi anga, ndipo ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, osakometsa.

Uli bwanji? Ukudya? Akuti ntchito yako ndi ya m'chipinda chozizira. Uzivala juzi.

Ndawaona Bambo.

Ndipo ndikuuze, munthu ameneyu ndimamudziwa. Ndili mwana ndinkamuopa. Onse pachithunzi paja akuyang'ana kwina, wina kumbali, wina m'mwamba, koma iyeyo maso ali pa ine, tong'o. Ndikapita uku akundiyang'ana, ndikapita uko akundiyang'ana. Ndinkawauza mayi aang'ono kuti, "Uyu akundiyang'aniranji?" Ndinamupatsa dzina loti Chimaso. Ndikamapita kukawapatsa moni Bambo ndinkamudumpha msanga kuti tisakumane maso. Nditakula mantha anatha, koma kumudumpha sindinasiye. Zaka zonsezi ndikupatsa moni munthu wina iwo akuona. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Ndachita zonse ziwiri, apongozi ndi mboni.

Mlongo wako akuopa kuti ndakhumudwa. Sindinakhumudwe. Usamukalipire za bodza lake, linali bodza la chikondi ndipo linamukanika.

Mnyamata winayo ndikumumvera chisoni. Mwana wa eni, ndinamumaliza nkhope yonse. Koma mwina kwawo kunalibe womudzutsa. Ndinamuuza zonse za moyo wanga: tsiku limene ndinakwatiwa, tsiku limene unabadwa iwe, tsiku limene tinaika bambo ako, tsiku limene unakwera ndege. Sanadandaule, ankangomwetulira, ngakhale ine sindinkaona. Munthu wotero sungamuthamangitse. Ndawapachika onse awiri, wina uku wina uku, chakale chija pakati. Ameneyo ndimamugwirabe. Bambo sindikuwagwira. Masana alionse amanditulutsira panja, ndimawayang'ana pang'onopang'ono, kuwalowetsa m'mutu, kuti mdima ukadzafika ukawapeze ali kale m'kati.

Wagwira ntchito, mwana wanga. Unanena kuti sungathe, koma watha. Umuthokozenso bambo wa mabataniyo.

Tsopano imva. Kabowo kamene kanditsalira ndi kakang'ono, kokwana nkhope imodzi basi. Ya Bambo ndaiona. Ya mlongo wako ndatopa nayo. Yatsala yako. Ndikayesa kukukumbukira akubwera ndi mtsikana wa pabwalo la ndege uja, wa sutikesi yobwereka, ndipo nayenso wayamba kuyera pakati, ngakhale palibe wamugwira.

Usanditumizire chithunzi chako. Zithunzi zandikwana.

Za mapepala ako ndamva, ndipo sindikuuza kuti utaye ntchito. Ndiwe munthu wamkulu. Ndikungokuuza kuti adokotala atiuza dzana kuti Disembala ndi kutali. Ukatha kubwera diso likadali lotsegula, bwera.

Ukachedwa, bwerabe. Chala chidakalipo.

Mayi ako